Chipinda cha Malemu ku Libala

Ku City Market, mumzere wa atelala, aliyense amadziwa kuti yunifomu ya amayi a Chigwirizano yosapotoka kolala imasokedwa ndi Bernadette Mvula. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ochepa, wokonda kudula ulusi ndi mano ngakhale sizasi ili pambali pake. Anabadwira ku Kabwata, bambo ake atachoka ku Chadiza kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo kumudziko anangopondako pa maliro basi. Anthu otere mu Lusaka ndi ambiri. Ukawafunsa kwawo amatchula mudzi umene njira yake sangailondole, koma mwambo wa mudzi umenewo ukawapeza m'tauni amaugwadira kuposa eni ake.

Anakwatiwa ndi Phineas Njobvu, dalaivala wa pakampani ina ya mabuku, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa mpingo ku Reformed. Bernadette anasiya Chikatolika cha makolo ake n'kutsata mwamuna, ndipo anakhala ku Libala m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mtengo wa mango pakhomo. Mwana anabereka mmodzi, Pearl, amene tsopano ali pabanja ku Solwezi.

Pearl ali ku sekondale, Phineas anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Atapita kukayezetsa, onse awiri anapezeka ndi HIV. Mbale zinasweka m'nyumba muja, tisaname, ndipo Bernadette anagona kuchipinda kwa mwana mpaka mvula inatha. Kenaka anabwerera, poti analinso kumukonda munthuyo. Phineas anapempha chinthu chimodzi chokha, atagwada ngati ali kutchalitchi.

"Ba Virginia basazibe. Olo nafa, basazibe."

A Virginia anali mlongo wake wamkulu, amene anamulera makolo atamwalira, namulipirira sukulu ndi malipiro a uphunzitsi. Pakamwa pawo Phineas anali chitsanzo cha mtundu wonse. Bernadette analonjeza.

Kiliniki ili pafupi ndi kwawo sanaifune, chifukwa pamzere wa ma ARV sipalephera munthu wokudziwa. Anasankha ya ku Chelstone, mabasi awiri kuchokera ku Libala. Kumeneko ndi kumene namwino wina wolusa, Sisita Chola, anamuitanira Bernadette pambali tsiku lina atabweza zotsatira za magazi.

"Ba mayo, imwe muli na tudoyo tubili," anatero. "Kamozi ni ka HIV, kenangu ni ka chiwindi, hepataitisi B. Pilisi iyi imozi igwila tonse tubili. Bamuna banu bakaleka kumwa, matenda yazabwela pang'ono pang'ono. Imwe mukaleka, ka chiwindi kangauke na ukali. Poyamba simuzamvela chilichonse. Maso yakafika posanduka yelo, ninshi vavuta. Mwamvela? Osajumpha."

Sisita Chola anati mwina kachilombo ka chiwindiko anabadwa nako. Bernadette anakumbukira mayi ake, amene anamwalira mimba itatupa, maso ali chikasu, abale akulozana zala kuti wawalodza ndani. Anachita mantha, ndipo manthawo anamusunga bwino zaka zambiri. Sanaphonyepo m'mawa ngakhale umodzi.

Iye ndi Phineas ankamwa pilisi lofanana. Mabotolo ankawataya m'tauni asanafike kunyumba, mapilisi n'kuwakhuthulira m'chitini chakale cha mkaka waufa. Bernadette ankaikamo tizidutswa ta nsalu kuti asamachite phokoso. Chitinicho chinkakhala m'sutikesi ya Phineas, pansi pa mataye, pamwamba pa wadiropu. Popeza anali anthu omvera, akuchipatala ankawapatsa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Chaka chimenecho anakatenga mu Meyi. Ndiye kuti mpaka Novembala panalibe wa ku Chelstone woti angafunse kuti mayi uja ali kuti.

Phineas anagwa Lamulungu lina mu Juni, akusamba m'manja kuti adye, atangobwera kutchalitchi. Anali matenda othamanga magazi. Pofika naye kuchipatala anali atatha kale.

Maliro a mu Lusaka sachedwa kulanda nyumba. Bernadette pobwera kuchipatala anapeza mipando ili panja, amuna akukoka chikuni, amayi atayala mphasa ndi matiresi pabalaza. A Virginia anali atafika kale kuchokera ku Kabwata, ndipo maliro akakhala, mayi ameneyo ndi katswiri. Amadziwa woyenera kulira poyamba, woyenera kugawa nyama, ndi woyenera kungokhala chete. Anamugwira dzanja Bernadette n'kupita naye pakhomo pa chipinda chogona.

"Tengani vitenje vibili na bulangeti, amake Pearl. Nifuna kukhoma."

Bernadette analowa. A Virginia anaima pakhomo, ndipo kumbuyo kwawo kunali amayi ena atatu akusuzumira. Bernadette anatenga zitenje, anatenga bulangeti, kenaka anakweza dzanja ku sutikesi.

"Ivo ni va malemu," anatero a Virginia mofatsa. "Simugwila imwe. Vizagwiliwa bakabwela ba malume."

Dzanja lija linatsika lokha. Chitseko chinakhomedwa, ndipo kiyi anamangidwa pamfundo ya chitenje cha a Virginia.

Mwambo wake ndi wakuti katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka mwini mbumba atabwera kudzagawa zovala ndi kusudzula namfedwa, ndiko kumumasula ku ukwati. Nthawi zambiri zimachitika maliro akangoikidwa, ndipo Bernadette anadziuza kuti masiku ochepa sangaphe munthu. Koma mwini mbumba, amalume a Wilbroad a ku Katete, anali chigonere ndi mwendo wotupa. Kumanda sanabwere. Anangotumiza mawu pafoni kuti pasapezeke wotsegula chipinda cha malemuyo iwo asanafike.

Anthu anabalalika. Pearl analira, anachapa mapoto, n'kubwerera ku Solwezi kwa mwamuna wake. Iyenso sankadziwa kanthu. A Virginia okha anatsala, ndi chikwama chawo cha zovala, chifukwa namfedwa wosasudzulidwa sagona yekha ndipo sayenda yekha. Onse awiri ankagona pa matiresi pabalaza.

Musawayese mfiti mayiwa. Ankadzuka m'mamawa kumutenthetsera madzi mlamu wawo m'nyengo yozizira ija. Ankamuphikira phala la nsinjiro, ankamupesa, ankamuimbira nyimbo za m'buku akamuona wayamba kuyang'ana khoma. Bernadette atayambiranso ntchito, ankamuperekeza ku City Market n'kukhala pakampando pafupi ndi makina, akupinda mipendero ndi singano yamanja. Chikondi chawo chinali chenicheni, koma chinalibe mpata woti munthu apumiremo.

M'mawa uliwonse, nthawi ya tiyi, Bernadette ankayang'ana chitseko chija. Kuchokera pa matiresi ake kufika pa wadiropu panali pafupi kuposa kuchokera pa matiresi kupita ku bafa. Masabata oyamba ankadzipapasa pansi pa nthiti za kumanja, kumvetsera ngati mwayamba kupweteka. Munalibe kanthu. Ankadya bwino, ankasoka bwino, ndipo anzake kumsika ankati wayamba kubwerera m'thupi. Mantha amene anamusunga zaka zonse zija anayamba kuzilala, ndipo apa ndi pamene panali ngozi.

Anayesapo kamodzi, tsiku lina akuchokera kumsika.

"Ba mulamu, muli ulusi wanga mu chipinda. Ningangene chabe pang'ono?"

"Uli pati? Nizamitengelani ine."

"Lekani chabe. Nizagula wina."

Kunena zoona kunali kosavuta pakamwa, mawu ake ndi ochepa. Koma akangoti atsegule pakamwa, ankaona Phineas atagwada. Ankamvanso mmene a Virginia ankamutchulira mlongo wawo kwa aliyense wobwera kudzapepesa, kuti anali munthu woyera, wosadziwa khomo la mkazi wina. Akanati mapilisi ndi ake yekha, akanatchedwa wopha mwamuna. Akanati ndi a onse awiri, akanamupha Phineas kachiwiri pamaso pa mayi amene anamulera.

Mpata unapezeka mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba. A Virginia anali ndi msonkhano wa Chigwirizano umene sakanauphonya, ndipo anamulola kupita yekha ku Kamwala kukagula nsalu yoyera. Nsaluyo anagula msangamsanga n'kuwoloka njanji kupita kokwerera mabasi. Kondakitala anali kukuwa kuti Chelstone, Chelstone, ndipo basi inali pafupi kudzaza. Bernadette anaima pakhomo pake, mpango wakuda uli kumutu, mpukutu wa nsalu uli m'khwapa. Anaganiza za Sisita Chola, mmene adzamukalipire pamaso pa anthu, mmene adzamufunsire kumene kwapita mankhwala onse aja. Anaona pampando wakumbuyo mayi wina wofanana ndi wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, ngakhale sanatsimikize. Ndipo m'thupi ankamva bwinobwino. Komanso dzulo lake amalume anali atanena pafoni kuti mwendo waphwa, abwera Loweruka.

"Mukwela olo simukwela, ba mami?" anafunsa kondakitala.

Sanakwere. Zengerezu adalinda kwawukwawu, akuluakulu ananena kalekale, koma mwambi suthandiza munthu amene akuona ngati walinda pang'ono chabe.

Loweruka limenelo amalume sanabwere. Anali kudikira kugulitsa chimanga. Chimanga chitagulitsidwa, kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Maliro atatha, mwendo unayambiranso. Munthu wamkuluyo sankadziwa kuti akuchedwetsa chiyani. Kwa iye kunali kugawa majekete ndi nsapato, ndipo nsapato siziola.

Kutentha kutayamba, Bernadette anayamba kutopa. Phazi linkalemera pa chopondera cha makina. Fungo la mafuta okazingira kumsika, limene anakhala nalo moyo wake wonse, linayamba kumuchititsa nseru. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Thupi linkayabwa, ndipo pansi pa nthiti za kumanja panali kulemera, ngati munthu waikapo dzanja osalichotsa. Anadziuza kuti ndi malungo, kenaka anadziuza kuti ndi dzuwa.

Pa shopu yake pali kalilole wamtali woti makasitomala azidziyang'anira. Tsiku lina masana, akukonza phewa la bulauzi ya mayi wina, anakweza maso n'kukumana ndi nkhope yake. Bulauziyo inali yoyera mbee, ndipo pafupi ndi kuyera kumeneko maso ake sanathe kunama. Anali achikasu, chikasu chopepuka, chonga cha nsalu yoyera imene yakhalitsa pawindo. Maso amenewo anali atawaonapo pa mayi ake. Mapini amene anali nawo pakamwa anagwa pansi.

Deborah, telala wa pafupi naye, anabwera kudzamuyang'anitsitsa.

"Ni yelo iyi, mwandi. Dyani nzimbe maningi, izasila."

A Virginia anagula mtolo wa nzimbe tsiku lomwelo. Anawiritsa masamba a papaya, anamumwetsa, anamupempherera. Masiku atapita chikasu chikungokula, anati apite naye ku kiliniki ya pafupi. Bernadette anakana kwamtuwagalu. Ankadziwa kuti kumeneko funso loyamba lidzakhala lakuti kodi pali mankhwala amene mumamwa, ndipo a Virginia adzakhala ataima pambali atanyamula chikwama chake.

"Nizankhala bwino, ba mulamu. Tiyembekeze chabe ba malume."

A Virginia anamva mawuwo mwa njira yawo. Anati n'zoona, mlamu wakhalitsa m'manja mwa malemu, n'chifukwa chake thupi likukana. Anaimbira foni ku Katete, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anawakalipira amalume awo.

Pamene amalume ankakwera basi, Bernadette anali atasiya kupita kumsika. Sabata yomaliza kuntchito anadula kolala mozondoka, chinthu chimene sanachitepo chiyambire, ndipo anakhala nthawi yaitali akuiyang'ana osadziwa cholakwika. Kunyumba ankangogona masana onse. Akadzuka, mawu ena ankamuthawa. Chimodzi chokha sichinamuthawe m'mutu: chitseko chikatseguka, adzalowa, adzatsitsa sutikesi, adzamwa pilisi, ndipo zonse zidzabwerera m'malo. Ankakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse.

Amalume a Wilbroad anafika mu Okutobala, Loweruka, dzuwa lili pamutu. Anali nkhalamba yaulemu yoyenda ndi ndodo. Abale anasonkhana pansi pa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa. Bernadette sanathe kutuluka, anatsala chigonere pabalaza. Amalume analowa kudzamuona, ndipo atamuyang'ana m'maso anati zinthu zichitike msanga.

Mlongo wa malemu ndiye amalowa poyamba, kusesa ndi kutulutsa katundu. Bernadette anamva kiyi akulira m'loko. Fungo la chipinda chotsekedwa linatuluka, losakanikirana ndi la mafuta amene Phineas ankadzola. Anayesa kudzuka, zigongono zinakana. Anagona n'kumamvetsera. Anamva tsache. Anamva zitseko za wadiropu. Majekete anadutsa pamwamba pake, kenaka nsapato, kenaka Baibulo, zonse kupita panja. Ndiyeno anamva sutikesi ikutsitsidwa, ndi zipi ikutseguka.

Kenaka anamva chivundikiro cha chitini chikutseguka.

A Virginia anatuluka mofulumira, chitenje chitatukumuka pamimba, osayang'ana kumbali. Analowa m'bafa n'kudzikhomera. Madzi a m'chimbudzi anakhuthuka. Thanki inadzaza pang'onopang'ono, monga amachitira madzi a ku Libala m'chilimwe, ndipo anakhuthukanso. Bernadette anamva zonsezi ali maso kudenga, ndipo anadziwa.

Atatuluka, a Virginia anagwada pafupi ndi matiresi. Nkhope yawo inali yonyowa, ndipo anaoneka okalamba kuposa m'mawa. Anayankhula monong'ona.

"Amake Pearl, napeza vinthu mu sutikesi ya Phineas. Mapilisi ya aja matenda. Niyaziba, nenze kuyaona ku odwala ba ku mpingo." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Mwana uja ananibisa. Anabisa na imwe. Koma osada nkhawa, nataya yonse, kulibe wamene aona. Zina yake izankhala bwino. Imwe mukapola yelo, nizamipelekani mukapimise. Nimipempha, mumukhululukile."

Anamugwira dzanja, ndipo anali kumupepesa ndi mtima wonse. Bernadette anamva chisoni chachikulu, cha iye mwini ndi cha mayi wogwadayo. Chimene anadikira miyezi yonseyi chinali chitapita ndi madzi, ndipo chimene ankabisa chinali chitadziwika kale. Lonjezo lija linalibenso chosunga.

"Ba mulamu," anatero, lilime likulemera. "Yenze yanga naine. Tenze kumwa pamozi."

A Virginia sanasiye dzanja lake.

"Kuchokela liti simunamwe?"

"Kuchokela siku munakhoma."

"Nanga maso aya?"

"Ni chiwindi. Bananiuza kudala kuti nikaleka, vizankhala so."

A Virginia anasiya dzanja lija. Anaimirira, anatuluka panja pamene amalume anali atanyamula jekete lakuda kufunsa woti limukwane, ndipo anauza mwana wa mchimwene wawo wina kuti abweretse galimoto pakhomo pomwepo. Amalume anafunsa za kusudzula. A Virginia anati asudzule majekete, munthu akupita kuchipatala.

Njira yonse Bernadette anatsamira paphewa pawo. Ankatsegula maso n'kuona mitengo ya m'mbali mwa msewu, n'kutsekanso. Nthawi ina anafunsa ngati Phineas wadya. A Virginia anayankha kuti wadya.

Kuchipatala chachikulu anamugoneka pa kabedi ka mawilo. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, Dokotala Kalenga. Anamutsegula zikope, anamudina pamimba, anatumiza magazi. Mafunso onse anayankha ndi a Virginia, ataima chilili, osabisa kalikonse: mapilisi, chiwindi, Juni, chitseko.  Dokotala sanawadzudzule. Anati mankhwala awayambitsanso lero lomwe, koma chiwindi chavulala kwambiri, ndipo masiku akubwerawa ndi amene anene. A Virginia anafunsa ngati achira. Dokotala anati aitanitse mwana wa wodwalayo ku Solwezi.

Kenaka anawerama pa Bernadette.

"Ba mayo, tambasulani manja so, monga muimika motoka."

Bernadette anatambasula. Manja amene ankalowetsa ulusi pa singano osayang'ana anayamba kugwedezeka okha, kugwa ndi kudzuka.

"Muziba kuti muli kuti?"

"Ku Chelstone," anayankha.

"Nanga aba baimilila apa, ni bandani?"

Bernadette anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Anawayang'ana a Virginia nthawi yaitali ndi maso achikasu aja, ndipo nkhope yake inadzaza mantha. Anakoka malaya a dokotala kuti asendeze khutu pafupi, koma mawu anatuluka omveka kwa onse.

"Aba ni ba mulamu banga. Sisita, napapata, musabauze."